Mzere Wachinayi pa Fomu ya Edmund

Kwa Malemia, Nsanje
18 Ogasiti 2024

Wokondedwa mwana wanga Edmund,

Pepa kuti ndikukuvutitsa ndi kalata pamene ndikudziwa kuti ku Ulaya konko nthawi ndi ya abwana, si yako. Ndikanatha kulankhula pa foni ya mlongo wako Juliana, koma ukudziwa kuti khutu langa lakumanzere linatha ndi nyundo, ndiponso mawu a pa foni sasungika. Choncho ndalemba papepala, iye ajambula n'kukutumizira monga mwa masiku onse. Kuno tili bwino. Amayi ako mwendo uja ukuwavutabe. Kutentha kwayamba msanga chaka chino, ndipo ndowa sizikuyenda kwenikweni pamsika chifukwa anthu athamangira zapulasitiki.

Uthenga wako ndinauwerenga katatu, kenako ndinaukopera m'kope langa. Ndikuuze mmene ndamvera, undikonze pamene ndalakwa. Wati boma la kumeneko lapatula ndalama zambiri zopangira sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Wati akufuna anthu owotcherera zitsulo, ndipo iwe ukufuna uchoke kumene umawotcherera sitima za katundu ukalowe ku shedi ya zankhondozo. Wati asanakulowetse ayenera kudziwa mbiri ya makolo ako, n'chifukwa chake watumiza mafunso asanu ndi awiri oti ndiyankhe.

Apa mutu wanga waima. Ine ndakhoma ndowa zaka zoposa makumi atatu, ndipo ntchito yonse ndi yoti madzi akhale mbali yawo. Kuno bwato likalowa pansi pa Shire timayamba kufunafuna mitembo. Ndiye boma lathunthu, la anthu ophunzira, likulipira amisiri kuti apange bwato loti lizimira dala? Anthu a m'katimo amapuma chiyani? Akafuna kutuluka amagogoda kwa yani?

China, nkhondo akukonzekerayo ndi ya iwo ndi ndani? Ndinafunsa mnzanga wokonza mawailesi pamsika, akuti sanamve kuti dziko limenelo laputidwa. Ine nkhondo ndinaiona ndili mnyamata kwathu ku Mutarara. Imayamba chonchi, ndi kulemba maina. Amabwera ndi pepala, mwaulemu ndithu, kufunsa kuti m'nyumba muno muli amuna angati.

Undiuze mosabisa, kodi walembedwa usilikali? Mafunsowo ndawasunga bwino m'kapulasitiki. Sindinayambe kuyankha.

Ndine bambo ako,
Kaitano Zuze


Ku doko, Ulaya
24 Ogasiti 2024

Ababa,

Takhuta, zikomo chifukwa cha kalata. Ndinaiwerenga pa nthawi ya tiyi, ndinaseka ndekha mpaka mzungu mnzanga anafunsa ngati ndapeza chibwenzi. Amayi muwauze kuti mafuta opaka mwendo ndatumiza ndi munthu wobwera ku Blantyre.

Usilikali ayi. Mfuti sindigwira, yunifolomu sindivala, m'madzimo sindidzalowa. Ine ndine wowotcherera basi. Sitimayo imapangidwa pamtunda, m'shedi yaikulu kuposa msika wonse wa pa boma, ndipo imodzi imatenga zaka kuti ithe. Ikatha amabwera eni ake, asilikali a m'madzi, n'kuitenga. Imamira ikafuna, imayandamanso ikafuna. Mpweya amapangira momwemo. Musandifunse kuti bwanji, imeneyo si mbali yanga.

Nkhondo kulibe. Iwo akuti akakhala ndi zida zoterezi adani amaopa kuyamba, ndiye kukonzekerako n'kumene kumaletsa nkhondoyo. Kuno nakonso anthu akukangana, ena akuti ndalamazo zikanapita ku zipatala. Ine chimene ndikuona n'chakuti nyumba ya malamulo yavomereza, ndipo ndi ntchito yoti siitha mawa. Kumene ndili panoku ntchito ikuchepa. Anzanga asanu awauza kale kuti Disembala asabwerenso, ndipo ndikalephera kulowa uku wotsatira ndine. Mdzukulu wanu Kaitano wamng'ono ali ndi miyezi isanu ndi itatu yokha, ababa.

Mafunsowo ndi a chitetezo. Aliyense amayankha, ngakhale wosesa. Kwa inu ndi osavuta: za amayi, za kumene ndinabadwira, masukulu, abale anga, ndi mzere wachinayi uja wa bambo wondibereka. Pamenepo akufuna dzina, tsiku ndi malo obadwira, komanso ngati anakhalapo msilikali m'dziko lililonse. Mungolemba kuti ayi, ndine wokhoma ndowa. Fomu iyenera kubwerera kwa eni ake pofika pa 11 Okutobala.

Inu amene mumalemba ngakhale tsiku limene nkhuku yayamba kuikira, zimenezi zikutengerani ola limodzi.

Mwana wanu,
Edmund


Kwa Malemia, Nsanje
8 Sepitembala 2024

Wokondedwa mwana wanga Edmund,

Moni kwa iwe, kwa mpongozi wanga, ndi kwa mdzukulu wanga wa dzina langayo. Mafuta afika, amayi ako akuthokoza. Ndachedwa chifukwa ndimafuna chilichonse chikhale cholondola.

Mzere woyamba ndi wachiwiri, za amayi ako: Mariya Tomasi, anabadwira ku Mutarara, Mozambiki, chaka cha 1971. Tsiku salidziwa, pa chiphaso anawalembera 1 Januwale monga anachitira ndi anthu ambiri. Wachitatu: iwe unabadwa pa 3 Febuluwale 1991, Lamulungu m'mawa, ku kampu ya othawa nkhondo kuno ku Nsanje. Za masukulu ndi za abale ako ndalemba pa pepala lapadera, Juliana ajambula.

Mzere wachinayi ndausiya kaye. Pali zimene ndikufuna ndimvetse.

Kwathu kuno mwana ndi wa mtundu umene unapereka lobola, ndipo amuna onse obadwa m'nyumba imeneyo ndi abambo ake. Fomuyi ili ndi kabokosi kamodzi kokha, kakang'ononso. Kodi anthu a kumeneko amawerengera bwanji? Kodi wolemba amalumbira? Akapeza kuti pena palakwika, amangobweza pepala kapena amamanga? Ngati amamanga, amamanga wolembayo kapena mwini fomu? Nanga mzerewo sungasiyidwe wopanda kanthu, poti ina isanu ndi umodzi yadzazidwa bwinobwino?

Za sitimayo sindinamvetsebe. Wati kukonzekera nkhondo n'kumene kumaletsa nkhondo. Ndayesa kuziganiza ndili pa ntchito. Ine nditamanola chikwanje tsiku ndi tsiku n'kumakhala nacho pakhonde, aneba angandiope, inde, koma nawonso ayamba kunola zawo. Mwina pali pena pamene sindikuona chifukwa sukulu ndinalekeza Sitandade 6.

Mnzanga wa mawailesi uja akuti anthu amakhala pansi pa nyanja miyezi itatu osaona dzuwa, ndipo akazi awo sauzidwa kumene ali. Nanga ikapanda kubwerera, m'manda amakaikamo chiyani?

Kodi kumeneko kulibe ntchito ya milatho? Mlatho umaoneka.

Ndine bambo ako,
Kaitano Zuze


Ku doko, Ulaya
14 Sepitembala 2024

Juliana,

Iyi ndi yako, usawaonetse.

Kodi mdala watani? Wandilembera tsiku limene ndinayamba Sitandade 1, dzina la mphunzitsi, mpaka chaka chimene ndinabwereza, koma dzina lake ndi tsiku lake lobadwa akukana. Ndikanatha kulemba ndekha, koma chaka chawo chobadwa sindikuchidziwa bwino, mudzi wake ku Mutarara sindiudziwa, ndipo kuno ukaphonya pang'ono amakuitana.

Ndikuganiza ziwiri. Mwina akuopa kuti akalemba zoti anabadwira ku Mozambiki, nkhaniyo ifika ku boma la kwathu awalande chiphaso. Ngati ndi zimenezo uwauze kuti pepalali silidzafika n'komwe ku Malawi. Mwinanso sakufuna basi kuti ndigwire ntchito ya zankhondo, ndiye akuchedwetsa dala kuti tsiku lidutse. Ngati ndi choncho anene, tikangane bwinobwino. Koma adziwe kuti ntchito ya milatho imene akunenayo siikundidikira pakhomo.

Takafufuza, iwe amakumvera. Makina ako osokera aja anakonzeka?

Edmund


Nsanje boma
22 Sepitembala 2024

Achimwene,

Makina anakonzeka, koma zoti ine amandimvera mwazitenga kuti? Ndimvereni inuyo.

Sabata yathayi ndinagona kumudzi masiku atatu chifukwa cha mwendo wa amayi. Lachiwiri ababa anapopa njinga m'mamawa, ati akupita ku parishi kukaona buku la ubatizo. Dzuwa la kuno mukulidziwa, kapena mwaiwala poti mukudya chisanu. Ndinati, “Ababa, khadi la ubatizo la achimwene si munati linapita ndi madzi a 2015?” Iwo ati, “N'chifukwa chake ndikukaona buku.” Atabwera ndinafunsa ngati alipeza. Ati, “Lilipo. Chiswe sichinaligwire n'komwe.” Ananena ngati munthu amene wauzidwa za maliro. Chakudya anangochiyang'ana.

Lachisanu pamsika mayi wina wabweza ndowa, ikudontha pamsoko. Ndowa ya ababa! Mayiyo amakuwa msika wonse, “A Zuze, mwayamba kugulitsa sefa?” Inu mukudziwa mmene akanachitira kale, akanaitenga n'kuiyesa pamaso pa anthu kuti aone ngati sanaiboole yekha. Anangomupatsa ina.

Za chiphaso si zimenezo, ndawafunsa anangopukusa mutu. Koma ndinamva izi ndikuchokera ku mjigo. Amayi amati, “Muuzeni. Ndi wamkulu, ali ndi mwana wake.” Ababa ati, “Mukufuna ndimuuze pa foni ngati mtengo wa thonje?” Amayi ati, “Ine ndinanena zoona pamaso pa ansembe tsiku lomwelo. Za mapepala a boma ndi zanu.” Nditatula ndowa nkhani inasintha, amayi n'kuyamba kundifunsa za ulusi.

Ine sindikudziwa kuti ndi chiyani. Mwina anagwirapo mfuti ali mnyamata, paja za ku Mutarara sanena. Alembereni mofatsa, musawakalipire ngati mmene mwandilembera ine. Ndipo musandichitenso kazitape, ndili ndi mayunifolomu a sukulu makumi awiri oti ndimalize.

Mlongo wanu,
Juliana


Ku doko, Ulaya
27 Sepitembala 2024

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Kwatsala masabata awiri.

Mafunso anu ndinapita nawo kwa mayi amene amayang'anira mafomuwa. Mzere sungasiyidwe wopanda kanthu. Kumanga samanga inu, wolumbira ndine. Anandiuza kuti kubadwira ku Mozambiki si mlandu, ndipo kukhala ndi kholo limene linali msilikali si mlandu. Chimene chimagwetsa munthu n'chimodzi, kulemba zosiyana ndi zimene iwo adzazipeze okha. Akapeza zotero ntchito imatha pomwepo, ndipo angathe kutsegulanso mapepala anga a unzika.

Ndiye ngati munagwirapo mfuti nthawi ya nkhondo, nenani. Munali mwana, sindingakuweruzeni. Ngati ndi ntchitoyi imene simukuifuna, nenaninso.

Munandiphunzitsa nokha kuti ndowa ukaikhoma uidzaze madzi, uiike pamchenga wouma, udikire. Mchenga sunama. Kuno amachita chimodzimodzi, kungoti ali ndi makina ounika m'kati mwa msoko, amaona kabowo koti diso silingaone. Mbiri ya munthu amaiunikanso choncho. Ndipatseni zoona zokha, zina zonse ndithana nazo.

Mwana wanu,
Edmund


Kwa Malemia, Nsanje
4 Okutobala 2024

Edmund,

Kalata iyi ndailemba kanayi. Ndamupempha Juliana ajambule osawerenga, ndipo walonjeza. Ukhale pansi.

Ine mfuti sindinagwirepo. Amene anagwira ndi mkulu wanga Sebastiano Zuze, amene tinakuuza kuti anamwalira pa nkhondo usanabadwe. Iyeyo ndiye bambo wokubereka. Amayi ako anali mkazi wake, lobola anapereka ndi iye.

Tinathawira kuno mu 1988, tonse atatu. Mu Julaye 1990 chakudya cha m'kampu chinachepa, ndipo Sebastiano anabwerera kutsidya kukakumba chinangwa chimene tinasiya m'munda. Anati abwera pakatha masiku anayi. Amayi ako anali ndi pakati pa miyezi iwiri. Kumeneko anagwidwa ndi asilikali a m'tchire. Poyamba ankawasenzera katundu, kenako anthu othawa pambuyo pathu anayamba kunena kuti amuona ali ndi mfuti. Ngati anaitenga mofuna kapena mokakamizidwa, sindikudziwa, ndipo sindilemba chimene sindikudziwa.

M'kampumo munali anthu amene nyumba zawo zinatenthedwa ndi asilikali omwewo. Mkazi wa munthu wa mfuti ankalozedwa pa mjigo. Mkazi wina wotere anamuthyola dzanja pa mzere wa ufa ine ndikuona. Utabadwa, alembi anabwera ndi pepala kufunsa dzina la bambo wa khanda. Ndinali nditaima pakhomo. Ndinatchula langa. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndinalibe ngakhale chibwenzi. Dzina limenelo linachoka pa khadi la chakudya n'kupita ku sikelo, ku sukulu, mpaka pa pasipoti yako. Ku ubatizo kokha amayi ako anakana kunama, ndipo m'bukumo mwalembedwa Sebastiano. Khadi lako la ubatizo silinapite ndi madzi. Lili m'chitini pansi pa bedi langa. Ku parishi ndinapita ndikuyembekeza kuti bukulo linawonongeka. Ndi tchimo, ndaulula kale.

Mu 1992 kunabwera munthu wa kwathu amene anati anaona bwato la Sebastiano likuwomberedwa powoloka Zambezi, ndipo palibe anatuluka. Mtembo sitinauone. Akuluakulu anadula thunthu la nthochi, tinalikulunga m'malaya ake, tinaliika m'manda. Ine ndinanyamula kumutu. Linali lopepuka, Edmund. Mpaka lero manja anga amakumbukira. Ndiye ukandiuza za anthu okhala pansi pa madzi osadziwika kumene ali, mutu wanga sugwira bwino. Si kuti ndikudana ndi ntchito yako.

Maliro atatha, akuluakulu anati ndilowe m'nyumba ya mkulu wanga monga mwa mwambo wathu, ndisamale mkazi ndi mwana. Ukwati tinadalitsa ku tchalitchi mu 1994. Pa chikhalidwe chathu sindinaname, ndine bambo ako ndithu, palibe wa mtundu wa Zuze angatsutse. Koma fomuyi ikufunsa wokubereka, ndipo wati wolumbira ndiwe. Sindingakulumbiritse bodza langa.

Ndinafuna kukuuza utamaliza Fomu 4, ndinati adikire apeze ntchito. Popita ku Joni ndinati akabwera. Pochoka ku Joni kupita ku Ulaya ndinati ali ndi zambiri m'mutu. Tsiku lililonse limene ndinasintha maganizo linalembedwa m'kope.

Mzere wachinayi ulembe chonchi. Dzina: Sebastiano Zuze. Anabadwira ku Mutarara, Mozambiki, chaka cha 1966, mwezi wa Meyi, tsiku silidziwika. Usilikali: inde, kuyambira 1990, gulu la m'tchire, udindo sudziwika. Anamwalira 1992 malinga ndi mboni imodzi, imenenso inamwalira. Tsamba la m'buku la ubatizo ansembe alola kuti lijambulidwe, latumizidwa pamodzi ndi kalatayi.

Ngati zimenezi zikutayitsa ntchito, uwauze kuti wolakwa ndine, unali khanda la masiku asanu. Ndingathe kulemba kalata ndi kudinda chala. Za dzina la mwana wako, ngati ufuna kulisintha sindikwiya.

Kaitano Zuze


Ku doko, Ulaya
17 Okutobala 2024

Moni.

Ndakhala ndi pepalali kuyambira dzana osadziwa choti ndilembe pamwamba, ndiye ndangolemba moni.

Fomu ndinapereka pa 10. Ndinalemba monga munanenera. Mayi uja anawerenga, anayang'ana tsamba la ubatizo, sanadabwe n'komwe. Anatsegula kabati n'kundipatsa pepala lina lowonjezera, akuti ndi la kholo limene linakulera, alipo ambiri otere. Ndinalembapo inu. Anandiuzanso kuti ndilembe mawu ochepa oti zimenezi ndazidziwa mwezi uno. Zonse zinatha mphindi khumi. Dzulo andiuza kuti mapepala anga apita patsogolo, ndiyamba maphunziro a ku shedi mwezi wamawa.

Mphindi khumi. Inu munasunga zaka makumi atatu ndi zitatu.

Sindikunama, ndakwiya. Sindikudziwa kuti ndakwiyira inu, amayi, kapena munthu amene anapita kukakumba chinangwa. Lolemba ndinawotcherera msoko wokhota, abwana anandiuza ndikapume. Ndimadziyang'ana pa galasi kufunafuna nkhope imene sindinaionepo. Kodi ndimafanana naye? Chithunzi chilipo? Manda a nthochiwo ali pati? Mwezi uno musayembekezere foni, sindingathe kulankhula.

Kaitano wamng'ono wamera mano awiri. Dzina lake ndi lomwelo.

Edmund


Kwa Malemia, Nsanje
20 Okutobala 2024

Edmund,

Pepanso, wati sungathe kulankhula ndipo ine ndabweranso ndi pepala. Sinditalikitsa. Za ntchito ndathokoza Mulungu. Za pepala lowonjezera sindinamvetse. Ngati linalipo m'kabati nthawi yonseyi, bwanji sanalitumize pamodzi ndi loyamba? Koma zisiye.

Mafunso ako ndiyankha monga unafunsira. Umafanana naye pa mphumi ndi pa kaimidwe, umapendekera kumanzere ukamamvetsera munthu. Kuseka ndi kwa amayi ako. Manja sindikudziwa kuti ndi a yani, iye nyundo sankaidziwa, anali mlimi ndi woimba ng'oma. Chithunzi palibe, chinatsala m'nyumba imene inapsa. Manda ali kumene kunali kampu, pano ndi minda ya mapira. Madzi osefukira anakwirira chizindikiro ndi mchenga, koma pali mlambe. Ukaima pa mlambewo n'kuyang'ana kotulukira dzuwa, ndi mapazi makumi anayi ndi awiri. Ndimawerenga chaka chilichonse. Ukadzabwera ndidzakuperekeza, kapena ndidzakulozera n'kutsala pa msewu, mmene udzafunire.

Amayi ako akuti ukwiye ndithu, koma uzidya. Juliana ndamuuza ndekha Lachisanu. Analira, kenako anandikalipira, kenako anandisokera kolala ya shati.

Za sitimayo ndasiya kufunsa za nkhondo, poti ngakhale eni ake wati akukangana. Ndingonena za msoko, zimene ndikuzidziwa. Tsiku limene mtima suli pamalo usagwire chitsulo, abwana ako anachita bwino. Ine ndinagulitsa ndowa yodontha mwezi watha, mayi wake anangonyowa msana. Yakoyo m'kati mwake mudzakhala ana a eni. Uwotcherere moti onse adzabwerere kwawo ndi matupi awo.

Tsopano chimene ndalembera. Pa 2 Novembala kuli Misa ya akufa. Akatekisiti amasonkhanitsa maina m'maenvulopu, ndipo pansi pa dzina la womwalira timalemba amene wapempha Misayo ndi ubale wake, n'kuwerengedwa pamaso pa mpingo wonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba kuti Sebastiano Zuze, wopempha mng'ono wake Kaitano. Chaka chino ndikufuna ndilembe kuti Sebastiano Zuze, wopempha mwana wake Edmund. Sanamvepo akutchulidwa choncho. Anthu adzatembenuka kundiyang'ana, zimenezo ndakonzeka, amayi akonso avomera. Koma dzinalo ndi lako. Ndinalembapo kale kamodzi za iwe osakufunsa, sindichitanso.

Envulopu ndagula, dzina lapamwamba ndalemba, mzere wapansi ndausiya. Akatekisiti atolera Lamulungu likudzali pa 27 Okutobala, ikangotha Misa yoyamba. Sufunika kulemba kalata, kapena kuganiza choti uike pamwamba. Ungotumiza kwa Juliana liwu limodzi, inde kapena ayi. Chonde lifike Loweruka pa 26 dzuwa lisanalowe, kuti ndilembe kukuwala.

Kaitano